Osatseka Tsamba la Mtsinje

Kunacha kopanda mphepo. Kumunsi kuno thambo linali mbee, koma kumapiri mitambo inali itaunjikana, yakuda kumimba. Tsiku lotere limafuna munthu woyang'ana mtsinje. Mvula ikagwa kumapiri, ife a kumunsi sitimva ngakhale dontho limodzi pamalata. Dzuwa limawala, nkhuku zimapalasa, kenako madzi amangofika.

Munthu woyang'ana mtsinje wathu timawatcha a Mlingo. Patsinde pa mlatho pali chitsulo cholembedwa manambala ngati rula ya kusukulu, chotalika kuposa munthu. A Mlingo anachiwerenga zaka makumi atatu ndi zinayi, m'mawa ndi madzulo, n'kumalemba m'buku. Mwezi ukatha ankatumiza pepala ku ofesi ya za madzi. Ofesiyo inkafuna manambala basi. Za anthu okumba mchenga kumunsi, kumene madzi amafika patatha mphindi makumi anayi atadutsa pamlatho, sizinali pa pepala la ntchito. Koma a Mlingo akaona madzi akhudza 150, ankakwera njinga, wenzulo pakamwa, kupikisana ndi mtsinje. Nthawi zambiri ankapambana.

Kenako ofesi inamangirira kabokosi pansi pa mlatho. Kamayeza madzi kokha, n'kulemba nambala pa tsamba la pa intaneti mphindi zisanu zilizonse. A Mlingo analandira kalata yowathokoza, napuma ntchito. Koma kabokosi sikakwera njinga.

Chilimwe chimenecho, mtsinje utauma mpaka kuoneka nthiti, iwo anakhala pa laputopu yakale imene mwana wawo anasiya atakwatiwa. Alamu awo, mlongo wa akazi awo, amakonza mafoni m'tauni, ndipo anthu amawatcha a Chaja. Amenewo ndiwo ankawatumizira zitsanzo. Ndi chala chimodzi, a Mlingo analemba kapulogalamu ka mizere makumi anayi. Kamawerenga nambala ya kabokosi kaja, ndipo ikafika 150 kamatumiza uthenga ku mafoni 63. Kankakhala mkati mwa bulawuza, pulogalamu ija yotsegulira masamba a pa intaneti. Bulawuza ikatsekedwa, nako kankafa.

Akazi awo, a Taipi, anagwira ntchito yotaipa makalata zaka makumi awiri. Kumeneko anaphunzira kuti munthu waudongo sachoka pa makina asanatseke zonse ndi kuvindikira nsalu. Dzinja latha, a Mlingo atapita kukagula mankhwala a m'maso, a Taipi akupukuta fumbi anaona tsamba lasiyidwa lotsegula. Analitseka, navindikira bwinobwino. Masana omwewo madzi anatsika. A Fosholo, mkulu wa okumba mchenga, anataya ngolo ndi ng'ombe ziwiri, ndipo mpaka lero amakoka mwendo wamanzere. Sanaloze munthu chala. Anangoti, "Madzi saiwala khwawa. Ife ndi amene tinali panjira pake."

M'nyumba mwa a Mlingo nkhaniyi sinakambidwe. Panangooneka pepala lomatidwa pamwamba pa sikirini, la zilembo zikuluzikulu: OSATSEKA. Kuyambira tsiku limenelo a Taipi ankapukuta tebulo mozungulira laputopuyo, ngati pali njoka yogona.

Tsopano maso a a Mlingo anali atachita ng'ala. Chipatala cha m'tauni chinawapatsa tsiku la opaleshoni, mawa m'mawa, ndipo basi yomaliza inali ya 2 koloko masana. Nyumba inkayenera kukhala yokhoma masiku anayi, pakuti a Taipi ankapita nawo kukawadikirira. Chinanso, bulawuza ya laputopu yokalambayo inali itayamba khalidwe. Ikakhala nthawi yaitali osakhudzidwa inkawodzera. Dzulo lake masana inadzitseka yokha, iwo ali pomwepo.

N'chifukwa chake 9 koloko m'mawa foni inali patebulo, mawu a a Chaja akumveka m'chipinda chonse.

"Alamu, ndinakuuzani chimanga chisanaume. Lero ndiye mukusoka thumba katundu ali kale pamutu?"

"Nenani zochita. Zonyozazo mudzanena ndikachira, ndidzayambe ndaiona bwino nkhope yanu yoipayo."

"Mukadzaiona mudzapempha adokotala akubwezereni ng'ala. Tamverani. Kapulogalamu kanuko ndi mlendo m'nyumba ya eni. Eni ake akakhoma, iko kali panja pamvula. Tikapatse injini yakeyake, kaziyenda popanda bulawuza. Dzina lake ndi Node. Muikopere pa intaneti, muiike m'makinamo. Mutsegulenso zenera lakuda lija lolembamo malamulo, lidzafunika."

A Mlingo anatsegula zenera lakudalo nthawi yomweyo, kuti asaiwale. Anapeza tsamba la injini, mphuno yatsala pang'ono kukhudza sikirini, nayamba kukopera. Intaneti ya kwathu kuno imayenda ngati ng'ombe yokhuta. Kamzere kobiriwira kankasuntha pang'ono, kuima, kusunthanso. Pa tsamba la mtsinje panali 94. M'chipinda chinacho a Taipi ankapinda zovala, ndipo zipi ya chikwama inkamveka ikutsegulidwa ndi kutsekedwa.

Kumapiri kunagunda kamodzi, patali, ngati munthu wagwetsa mgolo wopanda kanthu.

Itakwana 11 koloko injini inali italowa.

"Pitani pa zenera lakuda," anatero a Chaja. "Lembani node, mpata, kamzere, v. Ikuuzani nambala yake. Ndiwo moni wake umenewo."

A Mlingo analemba. Zenera linayankha m'Chingelezi, mizere iwiri. Anawerenga mogomagoma.

"Likuti silikudziwa dzina limeneli."

"Mwalemba bwino? Musakhale mwalemba dzina la chibwenzi chanu chakale."

Analembanso. Yankho lomwelo.

"Ndiye kuti sinalowe bwino. Ichotseni, muiikenso. Dikirani pang'ono, pali mayi wagwetsera foni mu ndowa ya madzi."

Kuchotsa ndi kuikanso kunadya theka la ola. Malata anayamba kulira ndi kutentha. Thukuta linkatsikira m'maso mwa a Mlingo, zilembo n'kumasungunuka. Analembanso mawu aja pa zenera lomwe lija. Silikudziwa. Anasuzumira tsamba la mtsinje: 112. Mamawa panali 90. Mtsinje ukayamba kukwera chonchi suyang'ana m'mbuyo, iwo ankadziwa. Ankadziwanso kuti nthawi imeneyi ngolo zili pakati pa mchenga, amuna avula malaya, ndipo kumeneko kumwamba kuli mbee.

"Zenera limenelo mwalitsegula nthawi yanji?"

Anali a Taipi. Anaima pakhomo, thawulo lili m'manja. Sanalowe.

"M'mawa."

"Injiniyo isanalowe?"

A Mlingo anavomera ndi mutu.

"Ndiye limudziwa bwanji mlendo woti wabwera ilo litayamba kale ntchito? Kuofesi tikaika chatsopano tinkatseka n'kutsegulanso."

"Ee!" Mawu a a Chaja anabwerera mwamphamvu. "Achemwali anena zoona! Alamu, nthawi yonseyi simunalitseke? Ine ndimayesa zimenezo n'zodziwikiratu!"

"Pa makina ano sititseka kanthu," anatero a Mlingo.

"Lakudalo silikhudzana ndi mtsinje. Tsekani!"

A Mlingo anasuntha kamuvi kupita pakona. Pamenepo panali timitanda tiwiri totsekera, kena ka zenera lakuda, kena ka bulawuza kumbuyo kwake, totalikirana ngati njere ziwiri za mpunga. M'maso mwawo tinkaoneka tinayi. Chala chinaima m'malere. Kenako anachibweza. Anakankha mpando, naimirira.

"Amayi, khalani apa."

A Taipi anayang'ana manja awo. "Manja omwewa?"

"Omwewo."

Anaika thawulo pa mpando wina. Anakhala mowongoka ngati mmene ankakhalira kuofesi, zigongono pafupi ndi nthiti, pepala la OSATSEKA lili moyang'anizana ndi mphumi yawo. Anatseka zenera lakuda. Tsamba la mtsinje linatsala, lamoyo. Anatsegula lina, ndipo zala khumi zinagwa pa mabatani ngati mvula yoyamba pamalata.

"Pabwera chilembo v ndi manambala," anatero.

"Yayankha moni!" anakuwa a Chaja. "Alamu, mwaona? Nzeru zonse za m'nyumba mwanumo zinachokera kwathu."

Palibe anaseka. Mtsinje unali pa 121.

Anakopera kapulogalamu kaja mu fayilo yakeyake, nauza injini kuti ikayendetse. Pa zenera panatuluka mizere yambiri yodandaula. A Taipi anawerenga mokweza.

"Kakufuna tsamba loti kalembepo nambala," anatero a Chaja. "Kanazolowera khoma la eni nyumba. Kunja kuno kulibe tsamba. Mizere yonse yolemba pa tsamba ichoke. Munditumizire chithunzi ndiifufuze."

"Palibe nthawi ya chithunzi," anatero a Mlingo. Anatsinzina. Mizere makumi anayi ija ankaidziwa ngati miyala ya pansi pa mlatho, umene uli woterera, umene umayamba kumira. "Wa 12. Wa 27 ndi wa 28. Wa 36 nawonso."

A Taipi ankafufuta iwo akutchula. Atafika pa wa 36 anaima.

"Uwu ukunena za mphindi zisanu."

"Ndi umene umakadzutsa kuti kawerengenso."

"Uchoke," anatero a Chaja. "Kuyambira lero kazidzutsidwa ndi wotchi ya makinawo. Koma kakadzuka kaziiwala zakale, ndiye tikapatse kafayilo kolembamo kuti katumiza kale. Apo ayi a Fosholo azilandira uthenga mphindi zisanu zilizonse mpaka akutsatireni kuchipatala ndi fosholo yawo."

A Chaja anatchula mizere inayi yatsopano, pang'onopang'ono. A Taipi anailemba osafunsa kawiri. Anayendetsanso. Nthawi ino zenera lakuda linangolemba nambala imodzi, chete: 127. A Mlingo anawerama pa tsamba la mtsinje. 127.

"Zafanana," ananong'ona.

Kenako a Taipi analowa pa ndandanda imene makinawo amasungira ntchito zoti azichita okha. Panali mabokosi ambiri ofunika kudina, ndipo a Chaja anasokoneza kawiri, pakuti makina awo ndi atsopano ndipo zinthu sizikhala pamalo amodzi. Pomaliza, nthawi inali itadutsa 1 koloko. Kupita pa siteji ya basi ndi mphindi makumi awiri, kwa munthu woona bwino.

"Chatsala chimodzi," anatero a Chaja. Nthabwala zinali zitatha m'mawu awo. "Zimitsani makina onse, muyatsenso. Musatsegule kalikonse. Tione ngati kadzuke kokha."

"Mtsinje uli pa 138."

"Ndamva."

"Makinawa akazima amatenga mphindi zisanu ndi zitatu kuti adzuke. Nthawi yonseyo palibe woyang'ana."

"Alamu, makinawa amadzizimitsa okha n'kudziyatsanso tsiku limene afuna. Mukapanda kuyesa lero, adzadziyesa okha inu muli ndi bandeji m'maso, nyumba ili yokhoma."

"Tidikire bulawuza itumize kaye uthenga."

"Ikatumiza, mudziwa bwanji kuti katsopanoka kamatha kutumiza? Nanga madzi akaima pa 145 mpaka madzulo? Basi ikudikirani?"

A Mlingo anatenga foni ya akazi awo, nayimbira a Fosholo, kuti awachenjeze pakamwa. Inaitana mpaka kuduka. Anayimbanso. Ankadziwa chifukwa chake. Okumba mchenga salowa ndi mafoni mumtsinje. Amawaunjika mu beseni pamtunda, pansi pa mtengo. Foni imodzi ikalira, palibe amasiya fosholo. Chimene amamva ndi beseni lonse likalira pamodzi.

Anayang'ana pawindo. Njinga yawo inali yotsamira khoma, matayala aphwa kuyambira chaka chatha. Masamba a mtengo wa pabwalo anali asakugwedezeka ngakhale limodzi.

"Kakakana, nditsegulanso tsamba lija," anatero a Taipi, osatembenuka. "Kuzima ndi kudzuka, mphindi zisanu ndi zitatu. Kudikira wotchi, zisanu. Kutsegulanso tsamba, ziwiri. Madzi amatenga makumi anayi. Ngolo yodzaza imatuluka pa mphindi khumi ndi zisanu, ng'ombe zikakhala zosatopa."

A Mlingo anawayang'ana. "Mwazidziwa bwanji zimenezi?"

"Ndakhala ndikuziwerenga chaka chonse."

Kumapiri kunagundanso, nthawi ino kotalikirapo, ndipo galasi la windo linanjenjemera. Tsamba linasintha: 143.

"Zimitsani, amayi."

A Taipi anatseka tsamba la mtsinje. Anatseka zenera lakuda. Anadina pozimitsa n'kuyatsanso. Sikirini inada, ndipo kamphepo kamene kankalira mkati mwa laputopuyo chaka chonse kanaleka. M'chipindamo munagwa chete wachilendo. Pa galasi lakudalo pankaoneka nkhope ziwiri, ina pansi, ina pamwamba pa phewa.

Makina anayamba kudzuka. Kachizindikiro kankazungulira. A Taipi anatsegula tsamba la mtsinje pa foni yawo, imene nayo inali pa mndandanda wa mafoni 63 aja.

"148."

A Mlingo anagwira msana wa mpando ndi manja onse. A Chaja ankamveka akupuma pa foni inayo. Wina anawafunsa za chaja cha foni, iwo n'kumuyankha mwaukali kuti abwere mawa.

Sikirini inayera. Panalibe tsamba, panalibe zenera. Panali chithunzi chakale cha mwana wawo basi, atavala yunifolomu ya sukulu, chimene bulawuza inakhala ikuchiphimba chaka chonse.

"Kakugwira ntchito?" anafunsa a Mlingo.

"Sitingaone," anatero a Chaja. "Kalibe nkhope tsopano. Dikirani."

"153," anatero a Taipi.

Madzi anali atadutsa pamlatho. Mphindi makumi anayi zinali zitayamba kutha. A Mlingo anauona mtsinjewo m'mutu mwawo monga ankauonera ali pa njinga: mutu wake wofiira, wa thovu ndi zinyalala, ukukhota pa mtengo wogwa uja, ukudzaza dziwe la pamwala, ukutulukanso.

"Yadutsa imodzi," anatero a Taipi, maso pa wotchi ya pakhoma.

"Tsegulani tsamba," anatero a Mlingo.

"Tinati zisanu."

"Amayi!"

"Tinati zisanu, abambo. Ziwiri."

Dzanja la a Taipi linali pa laputopu, kamuvi kataima pamwamba penipeni pa chizindikiro cha bulawuza. Panja mphepo inafika mwadzidzidzi, yozizira, yonunkhira dothi lonyowa la kutali. Chitseko cha kukhitchini chinamenyetseka. Pepala la OSATSEKA linatukuka mbali imodzi.

"Zitatu."

"Achemwali," anatero a Chaja motsitsa, "mwina ndinalakwitsa bokosi lina. Mwina mungotsegula."

"Khala chete, iwe. Zinayi."

Foni inanjenjemera m'dzanja lina la a Taipi, n'kulira. Anaiyandikiza kumaso, nawerenga ndi mawu a kuofesi, osakwera, osatsika.

"Madzi akubwera. Tulukani mumtsinje. 153."

A Mlingo anakhala pa mpando wa thawulo uja. Ankamvetsera, ngati kuti beseni la pansi pa mtengo lingamveke kuchokera kuno.

Panadutsa mphindi zisanu ndi imodzi. Uthenga wachiwiri sunabwere, monga mmene anakonzera. Kenako foni ya a Taipi inalira, ndipo mawu a a Fosholo anabwera pamodzi ndi phokoso la amuna okuwira ng'ombe.

"Tamva, a Mlingo! Ngolo zitatu zatuluka, yachinayi ili pachitunda. Ndaona munayimbanso kawiri. Kwagwanji?"

"Palibe. Onse atuluka?"

"Ndikuwerenga mitu pano. Onse. Inu simunapite? Pitani akakutsukeni masowo, mwina mungasiye kupatsa moni zitsa."

Foni itaduka, a Chaja anatsokomola. "Alamu, kwatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu. Mukaisiya basi imeneyi, ine sindikubwera kudzakuberekani."

A Mlingo anaimirira, nafufuza chipewa. Atafika pakhomo anabwerera. Pa shelefu panali buku lawo la manambala, limene ofesi inasiya kulifuna kalekale koma iwo sanasiye kulembamo. Analitsegula, nalisendeza kumaso, nalitalikitsa. Mizere inkasambira.

A Taipi analitenga m'manja mwawo. Anapeza mzere wa tsikulo, nalemba nthawi, nalemba 153. Anaumitsa inki ndi mpweya wa pakamwa, natseka bukulo, nalibwezera pa shelefu.